MALIRE A DZIKO LINO MONGA AONEKERA KU MCHINJI

Mau okambidwa kwa mafumu, atsogoleri a m'madera ndi ogwira ntchito za Boma m'boma la Mchinji



Munthu wochoka ku Lilongwe kuloŵera kumadzulo amayenda makilomita oposa 100 asanafike pa boma la Mchinji, ndipo akapitirira mtunda wina wa makilomita 12 amapeza chipata cha malire. Kuseri kwa chipatacho ndi ku Mwami, m'dziko la Zambia. Dothi la uko ndi la kuno nlimodzi, mtedza ndi chimanga nzofanana, malonje amaperekedwa m'chinenero chimodzi, ngakhale ndalama za maiko aŵiriŵa zili ndi dzina limodzi la kwacha. Komabe mbendera nzosiyana, malamulo ngosiyana, ndipo msonkho umapita ku matumba aŵiri osiyana. Nchifukwa chake nkoyenera kuti aliyense amene Boma linamuikiza udindo m'boma lino adziŵe bwino zinthu zitatu izi: amene anaika malire ameneŵa, chimene anatsata powaika, ndiponso pamene dziko liyenera kuponda likamanena kuti malo akutiakuti ndi ake.

MIZERE YOSAONEKA NDI MASO

Akatswiri a mapu anagaŵa dziko lonse lapansi ndi mizere ya m'maganizo, imene munthu sangaipunthwe poyenda. Mzere waukulu ndi Ikweta, umene umazungulira dziko pakati penipeni monga lamba m'chiuno. Mizere ina yonse yopingasa, imene akatswiriwo amaitcha latitude, imayenda motsatana ndi Ikweta, ndipo imaŵerengedwa m'madigiri kuchokera pa 0 mpaka 90 kumpoto, ndi 90 kumwera. Digiri imodzi ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 111. Digiriyo imagaŵidwanso m'mphindi 60, ndipo mphindi iliyonse imatsala pang'ono kukwana makilomita aŵiri. Palinso mizere yoimirira, ya longitude, yochokera kumpoto kupita kumwera, imene maiko anagwirizana m'chaka cha 1884 kuti aziiŵerenga kuyambira ku Greenwich, mu mzinda wa London.

Boma la Mchinji, pamene pali maofesi, lili pa madigiri 13 ndi mphindi 48 kumwera kwa Ikweta. Zimenezi zingamveke ngati nkhani ya m'kalasi, koma mlimi aliyense wa kuno amaziona ndi maso. Kaŵiri pa chaka, kumapeto kwa Okutobala ndi chapakati pa Febuluwale, dzuŵa la masana limaima paliwombo penipeni, kotero kuti mtondo woimikidwa pabwalo umabisa mthunzi wake pansi pake. Anthu a ku Chitipa amaona zimenezi masiku ena, a ku Nsanje masiku enanso, chifukwa aliyense ali pa mzere wake. Asaveya akale, amene analibe makina a masiku ano olandira uthenga kuchokera ku masetilaiti, ankapeza mzere wopingasa poyeza kukwera kwa dzuŵa masana kapena kwa nyenyezi usiku. Mzere woimirira unali wovuta kuupeza, popeza unkafuna wotchi yosaphonya. Ichi nchimodzi mwa zifukwa zimene atsamunda, polemba mapangano ogaŵana Africa, ankakonda kutchula mizere yopingasa.

MATHERO ANAYI A MALAŴI

Dziko la Malaŵi nlalikulu masikweya kilomita 118,484, kuphatikizapo madzi a m'nyanja. Kumpoto limathera m'boma la Chitipa, pafupi ndi madigiri 9 ndi mphindi 22, pamene limakumana ndi Tanzania ndi Zambia. Kumwera limathera m'boma la Nsanje, litangopitirira pang'ono madigiri 17. Woŵerengera bwino adzapeza kuti pakati pa mathero aŵiriŵa pali makilomita pafupifupi 860. Kum'maŵa dziko limafika pafupi ndi madigiri 35 ndi mphindi 55, m'dera la nyanja za Chiuta ndi Chilwa. Malo okwera koposa ndi nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje, mamita 3,002, pamene otsika koposa ali pomwe mtsinje wa Shire umatulukira m'dziko lino kuloŵa mu Mozambique, mamita 37 chabe pamwamba pa nyanja ya mchere.

Mathero a kumadzulo ndiwo ali m'boma lino la Mchinji, pafupi ndi madigiri 32 ndi mphindi 40, pa mtunda woyang'anizana ndi mzinda wa Chipata. Palibe malo ena m'Malaŵi amene ali kumadzulo koposa pamenepo. Popeza dziko lapansi limatembenuka digiri imodzi pa mphindi zinayi za pa wotchi, dzuŵa limafika paliwombo kuno patapita mphindi pafupifupi 13 litafika kale kwa anthu a ku mathero a kum'maŵa. Kotero boma lino, limene kalembera wa 2018 anapeza kuti lili ndi anthu oposa 600,000, lasenza mbali imodzi mwa mbali zinayi za dziko. Lasenzanso chinthu china chimene maboma ambiri alibe: kumwera kwake kuli malo amene maiko atatu amakumana, ndiwo Malaŵi, Zambia ndi Mozambique. Malo amenewo ali pa mzere wa madigiri 14, ndipo mbiri ya mzere umenewu ndiyo mbiri ya malire onse a kuno.

MMENE MZERE WA MADIGIRI 14 UNADZERA

Utatha msonkhano wa ku Berlin wa 1884 mpaka 1885, maiko a Azungu anayamba kuthamangitsana pofuna malo mu Africa. Apwitikizi, amene anali atakhala zaka mazana ambiri m'mphepete mwa Zambezi, anatulutsa mapu m'chaka cha 1886 osonyeza kuti dziko lonse lochokera ku Angola mpaka ku Mozambique nlawo. Mapuwo akadatsatidwa, mbali yaikulu ya Malaŵi wa lero ikadakhala pansi pa Lisbon. Koma kumtunda kwa Shire kunali kale amishoni ndi amalonda a ku Scotland, ndipo pamene Serpa Pinto anakwera chigwa cha Shire ndi asilikali m'chaka cha 1889, Angerezi anakwiya. Pa 11 Januwale 1890 boma la Britain linalamula Portugal kuti ichotse asilikali ake. Portugal, poona kuchepa mphamvu kwake, inagonja, ndipo pa 11 Juni 1891 maiko aŵiriwo anasainirana pangano logaŵana malo.

Panganolo linati malire, atachoka ku Shire, akwere pa msana wa mtunda umene umalekanitsa madzi opita ku Zambezi ndi madzi opita ku Shire ndi ku nyanja, ndipo atsate msanawo mpaka akafike pa mzere wa madigiri 14 kumwera. Kuchoka pamenepo akhote kuloŵera kumwera chakumadzulo, mpaka pamene mzere wa madigiri 15 umadutsa mtsinje wa Luangwa, kenaka atsike ndi Luangwa kukafika ku Zambezi. Mau ochepa ameneŵa ndiwo anachititsa kuti pakati pa Dedza ndi Ntcheu munthu azitha kuima pa mseu, dzanja lina likuloza ku Malaŵi, lina ku Mozambique. Ndiwonso anaika mphambano ya maiko atatu kumwera kwa Mchinji, kumene asaveya pambuyo pake anamanga chipilala cha nambala 38. Kumadzulo kwa chipilalacho kuli boma la Vubwi la ku Zambia, kumwera kuli chigaŵo cha Tete.

Malire a pakati pa Malaŵi ndi Zambia ali ndi chiyambi china. M'chaka chomwecho cha 1891, Angerezi anagaŵa paŵiri dziko limene linali m'manja mwawo. Maboma a m'mbali mwa nyanja anakhala pansi pa boma la Britain lenilenilo, ndipo ndiwo anadzatchedwa Nyasaland m'chaka cha 1907. Dziko la kumadzulo analipereka kwa kampani ya Cecil Rhodes, ya British South Africa. Polekanitsa mbali ziŵirizo anatsatanso msana wa mtunda. Mvula ikagwa pa mapiri a Mchinji, madzi otsikira kum'maŵa amaloŵa mu Bua ndi kukathira m'Nyanja ya Malaŵi ku Nkhotakota, pamene otsikira kumadzulo amapita ku Luangwa. Pamene madziwo amasiyanirana mpamene pali malire, ndipo amayenda chotero mtunda woposa makilomita 800 mpaka ku Chitipa.

Pamapu lamulo limeneli limaoneka losavuta. Pansi nlovuta. Pa phiri msana umaoneka bwino, koma m'madera athyathyathya, m'madambo ndi m'minda, akulu aŵiri anzeru akhoza kutsutsana tsiku lonse za kumene madzi akuloŵera. Ndiponso, popeza mbali zonse ziŵiri zinali za Angerezi, atsamunda sanadzivute kumanga zipilala m'malire onse monga anachitira ku mbali ya Apwitikizi. Anasiya ntchito yosatha, ndipo nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu: amene anadzavutika nayo ndi maboma aufulu.

ZIMENE MIZERE INADULA

Palibe Mcheŵa kapena Mngoni amene anafunsidwa pamene zonsezi zinkalembedwa. Mzere wochoka pa madigiri 14 kupita ku Luangwa unadula pakati dziko la Undi, limene likulu lake linali ku Mano, m'chigaŵo cha Tete. Lero Kalonga Gawa Undi amakhala ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, koma mwezi wa Ogasiti mafumu a Acheŵa ochokera ku Malaŵi, Mozambique ndi Zambia amasonkhana kumeneko pa mwambo wa Kulamba. Pamene bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu m'chaka cha 2005, linamlemba monga chuma cha maiko onse atatu pamodzi, chifukwa sakadatha kumpatsa dziko limodzi lokha.

Angoni nawonso anadulidwa chimodzimodzi. Makolo awo anaoloka Zambezi ndi Zwangendaba m'chaka cha 1835, ndipo a Mpezeni anadzakhazikika m'dera la Chipata ndi Mchinji. M'mwezi wa Januwale 1898 asilikali a atsamunda ochokera mbali ino anathira nkhondo Angoni a Mpezeni, nawagonjetsa, ndipo Nsingo, mwana wa Mpezeni amene anatsogolera nkhondoyo, anaphedwa. Kuchokera m'nyengo imeneyo kunadzuka malinga aŵiri oyang'anizana: Fort Jameson, amene lero ndi Chipata, ndi Fort Manning, amene lero ndi Mchinji. Dzina la Manning linali la William Manning, msilikali amene pambuyo pake anakhala Bwanamkubwa wa dziko lonse la Nyasaland. Maina a atsamundawo anachotsedwa maiko atalandira ufulu, koma malire anatsala. Mpaka lero anthu a kwa Mlonyeni ndi kwa Zulu, pokhala Angoni a Mpezeni, amaoloka mwezi wa Febuluwale kupita ku Mtenguleni ku mwambo wa Ncwala.

Tsono munthu woganiza akhoza kufunsa kuti: ngati malire ameneŵa anaikidwa ndi alendo, mosafunsa eni nthaka, nchifukwa ninji maiko aufulu amawasunga? Funso limeneli silopusa, ndipo atsogoleri oyamba a Africa analimbana nalo.

CHIGAMULO CHA KU CAIRO

Malaŵi analandira ufulu pa 6 Julayi 1964. Pasanathe masabata aŵiri, atsogoleri a bungwe la OAU anasonkhana ku Cairo, ndipo Dr. H. Kamuzu Banda anali nawo. Kumeneko anagwirizana kuti dziko lililonse lilemekeze malire amene linawapeza pa tsiku lolandira ufulu. Amene anabweretsa ganizoli anali Julius Nyerere. Maiko a Morocco ndi Somalia okha ndiwo anakana kumangidwa nalo. Atsogoleriwo sanali kunena kuti malire a atsamunda anali olungama. Anaona kuti ngati dziko lililonse liyamba kufuna malo amene makolo ake analamulirapo, palibe mudzi umene udzagone tulo, popeza maufumu akale ankakula ndi kuchepa, ndipo malo amodzi omwewo analamulidwapo ndi mitundu ingapo pa nthaŵi zosiyana. Ku Mchinji komwe kuno, ndani angatchule chaka choyenera kubwererako: cha Kalonga, cha Undi, cha Mkanda, kapena cha Mpezeni?

Nkoyenera kunena poyera kuti dziko lino nalonso linayesedwa pa nkhani imeneyi. M'mwezi wa Sepitembala 1968 Dr. Banda, ali Pulezidenti, ananena pa misonkhano kuti malire enieni a Amaravi ankafika ku Luangwa kumadzulo, ku Zambezi kumwera, ndiponso kupitirira mtsinje wa Songwe kumpoto. Monga mbiri yakale, mauwo anali ndi pogwira, pakuti ufumu wa Maravi unalidi waukulu kuposa Malaŵi wa lero. Koma ku Lusaka ndi ku Dar es Salaam anawamva ngati chiopsezo, ndipo Dr. Kenneth Kaunda anayankha mwaukali kuti Zambia sadzapereka malo ake. Ubale wa maikoŵa unazizira kwa kanthaŵi. Chimene chiyenera kukumbukiridwa nchakuti mau amenewo sanasunthe malire ngakhale phazi limodzi, palibe msilikali amene anaoloka, ndipo m'zaka zotsatira maboma aŵiriwo anasankha njira yokambirana. Njanji imene inafika ku Mchinji kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 inali chizindikiro cha njira imeneyo.

Kumene mau otere anasanduka zochita, zotsatira zake zinali maliro. Malire a Uganda ndi Tanzania, kumadzulo kwa nyanja ya Victoria, amatsata mzere wa digiri 1 kumwera kwa Ikweta, monga Angerezi ndi Ajeremani anapanganirana m'chaka cha 1890. Idi Amin anaona kuti mtsinje wa Kagera, umene uli kumwera kwa mzerewo, ndiwo ukadakhala malire abwino. Kumapeto kwa Okutobala 1978 anatumiza asilikali, nalengeza kuti dera lonse la kumpoto kwa Kagera nla Uganda. Tanzania anabwezera, ndipo pofika Epulo 1979 mzinda wa Kampala unagwa, Amin nathaŵa. Anthu ambiri anafa, chuma cha maiko onse aŵiri chinaloŵa pansi, koma malire ali pomwe anali, pa digiri 1.

MAPANGA AŴIRI AVUMBWITSA

Pali phunziro lina lochokera kumpoto kwa Africa. Pangano la 1899 linaika malire a Egypt ndi Sudan pa mzere wa madigiri 22 kumpoto kwa Ikweta. M'chaka cha 1902 Angerezi anajambula mzere wina wa kayendetsedwe ka boma, umene unapereka dera la Halaib, la m'mbali mwa Nyanja Yofiira, ku Sudan, ndi kadera ka m'chipululu ka Bir Tawil ku Egypt. Egypt amaumirira mzere wa 1899, Sudan wa 1902, chifukwa onse akufuna Halaib. Chotsatira chake nchakuti Bir Tawil palibe amene amati ngwake, popeza amene angamtenge ndiye kuti wavomereza mzere umene ukumlanda Halaib. Maiko aŵiriŵa amadziŵa kuti dziko silingaime pa mizere iŵiri nthaŵi imodzi.

Phunziro limeneli likukhudza Malaŵi pa chuma chake chachikulu koposa, ndicho nyanja. Pangano la pa 1 Julayi 1890 pakati pa Britain ndi Germany, lomwe lija linaika mzere wa ku Kagera, linati malire a dziko la Ajeremani atsate gombe la nyanja mpaka pa mathiriro a Songwe. Ndiye kuti madzi a kumpoto kwa nyanja anatsala mbali ino. M'chaka cha 1962 Rashidi Kawawa, ali Nduna Yaikulu ya Tanganyika, anauza nyumba ya malamulo ya dziko lake kuti palibe mbali ya nyanjayo imene ili m'malire awo. Koma m'chaka cha 1967 Tanzania anasintha, nanena kuti malire ayenera kudutsa pakati pa madzi. Mkanganowo unabukanso m'chaka cha 2012, Malaŵi atapereka chilolezo chofufuza mafuta m'nyanja, ndipo atsogoleri opuma Joaquim Chissano, Thabo Mbeki ndi Festus Mogae anayesa kuyanjanitsa mbali ziŵirizo, koma zokambiranazo zinaima m'chaka cha 2014 popanda chigamulo.

Pa mkangano umenewu Malaŵi ali ndi zida ziŵiri: pangano la 1890 ndi chigamulo cha ku Cairo. Ndipo nzida zamphamvu. Pamene Bwalo la Milandu la Dziko Lonse ku The Hague linaweruza mlandu wa Bakassi m'chaka cha 2002, linapereka deralo kwa Cameroon potsata pangano la Angerezi ndi Ajeremani la 1913, ngakhale kuti anthu ambiri okhala kumeneko anali a ku Nigeria. Nigeria, dziko lalikulu ndi lamphamvu, anamvera, namaliza kuchokako m'chaka cha 2008. Kotero mzika ya Malaŵi imene imaima pa msonkhano ndi kunena kuti Chipata kapena Angonia ndi malo a Malaŵi chifukwa cha ufumu wa makolo, ikuthyola ndi manja ake ndodo imene dziko lake likutsamira ku nyanja. Amene akana pangano la 1891 pamtunda sangathe kugwiritsa la 1890 pamadzi.

Izi sizitanthauza kuti malire sangasinthe. Amasintha, koma pokhapokha eni ake atagwirizana ndi kulemba. Pangano la 1891 linapatsa Apwitikizi gombe la kum'maŵa kwa nyanja mpaka pa madigiri 13 ndi mphindi 30, popanda madzi. M'chaka cha 1954 Britain ndi Portugal anagwirizana kusuntha malire a mbali imeneyo kupita pakati pa nyanja, zilumba za Likoma ndi Chizumulu nkutsala mbali ino. Nchifukwa chake Mozambique ali ndi gaŵo la nyanja popanda mkangano. Njira yosinthira malire ndi imeneyo: tebulo, cholembera ndi chivomerezo cha onse aŵiri.

ZIPILALA ZA MASIKU ANO

Ntchito imene atsamunda anaisiya pa malire a Zambia inayambidwa ndi asaveya a maiko aŵiriŵa m'zaka za m'ma 1990, ndipo inapita patsogolo bungwe la African Union litakhazikitsa ndondomeko yake ya za malire m'chaka cha 2007. Asaveyawo sanajambule mzere watsopano. Anafufuza msana wa mtunda umene unatchulidwa kalekale, naikapo mabikoni oti munthu aziwaona. Pamenepo mpamene zoŵaŵa zinaonekera. Mabanja ena amene ankadziŵa kuti ali m'Malaŵi anapeza kuti munda wawo uli ku Zambia, ndipo ena a ku Zambia anapeza kuti ali m'Malaŵi. Kwa munthu wa ku likulu, mamita 200 pamapu si kanthu. Kwa mayi amene amadyetsa ana ake ndi munda umenewo, ndiponso amene makolo ake anagona m'manda a pamenepo, mamita 200 ndiwo moyo wonse. Nkhani ya malire imayambira ku London ndi ku Lisbon, koma imathera pa mzere wa mtedza wa munthu wosauka.

Malire odziŵika bwino sindiwo mpanda wotsekera abale. Pa nthaŵi ya nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha ndi pangano la ku Rome la 1992, dziko lino linasunga othaŵa kwawo oposa 1,000,000, ndipo Mchinji anali mwa maboma amene anawalandira. Mtendere utabwera anabwerera, popeza aliyense ankadziŵa kwawo. M'mwezi wa Ogasiti 2010 njanji ya Mchinji mpaka Chipata inatsekulidwa pamaso pa atsogoleri a maiko atatu, Bingu wa Mutharika, Rupiah Banda ndi Armando Guebuza. M'mwezi wa Disembala 2022 a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema anatsekula chipata chamakono cha Mchinji ndi Mwami, kumene wapaulendo amaima kamodzi kokha m'malo moima kaŵiri. Zonsezi zinatheka chifukwa palibe mbali imene inkakayikira pamene dziko lake likuthera.

UDINDO WA OKHALA M'MALIRE

Choyamba, wogwira ntchito ya Boma m'dera la malire ayenera kudziŵa pamene pali mabikoni a m'dera lake. Mlangizi wa zaulimi, mphunzitsi wamkulu, wapolisi ndi wazaumoyo amene sadziŵa pomwe dziko likuthera akhoza kumangitsa chitsime kapena sukulu m'dziko la eni, nkuyambitsa mlandu umene udzavutitse nduna. Safunsa anadya phula. Mapu ali ku ofesi ya oyeza malo, ndipo mafumu amadziŵa mitsinje ndi zitunda za kwawo.

Chachiŵiri, bikoni ndi katundu wa maiko aŵiri. Woigumula pofuna chitsulo cha mkati mwake, kapena woizula pofuna kukuza munda, walakwira maboma onse aŵiri, ndipo wabwezera mudzi wake ku mikangano imene asaveya anakhala zaka zambiri akuithetsa. Nyakwaŵa ikaona bikoni yoonongeka iuze gulupu, gulupu auze mfumu yaikulu, ndipo uthenga ukafike kwa a D.C. tsiku lisanathe.

Chachitatu, mkangano wa munda wa m'malire usaweruzidwe ndi zikwanje kapena ndi gulu la anyamata. Mafumu a mbali ziŵirizi ndi apachibale, amakumana pa maliro ndi pa miyambo, ndipo akhoza kukhazika mitima pansi pamene akuluakulu a maboma akukambirana. Banja limene bikoni yalisiya kutsidya lisanyozedwe ngati alendo, koma lithandizidwe kudziŵa ufulu wake ndi kumene lingakadandaule.

Chachinayi, mtsogoleri asamale lilime pa nsanja. Mbiri ya Maravi iphunzitsidwe kwa ana monyadira, pakuti ndi mbiri ya anthu a maiko atatu, ndipo imawalumikiza. Koma isasandutsidwe chifukwa chofunira malo a eni. Mau onenedwa pa msonkhano wa kumudzi masiku ano amafika ku Chipata dzuŵa lisanaloŵe, ndipo madzi akatayika saoleka.

Chachisanu, oyenda ndi ochita malonda adutse pa zipata zovomerezeka ndi zikalata zoyenera. Katundu wozembetsedwa m'njira za kutchire amalanda Boma msonkho womangira zipatala ndi miseu, ndiponso amazoloŵeretsa anthu kuona malire ngati chinthu chopanda mwini.

Mafumu, amayi ndi abambo, mzere wa madigiri 14 sunasankhidwe ndi makolo a anthu a kuno, ndipo amene anaulemba sanapondepo pa nthaka ya Mchinji. Koma pa 6 Julayi 1964 unakhala choloŵa cha dziko laufulu, pamodzi ndi msana wa mapiri a kumadzulo ndi gombe la nyanja kumpoto. Zitatuzi zimangidwa ndi chingwe chimodzi. Mfumu imene ikusunga bikoni kuseri kwa mudzi wake ku Mchinji ikusunganso usipa wa msodzi wa ku Karonga, ngakhale aŵiriwo sadzaonana. Chibale ndi fupa, sichiola: anthu apitirize kupita ku Kulamba ndi ku Ncwala, akwatirane, agulitsane mbeu, alirane maliro. Pobwerako adutse pa chipata, ndipo bikoni aisiye pamene asaveya anaiika.